Kamela ili m'manja mwa ndani?

Pa YouTube pali kafilimu ka mphindi 8 ndi theka kochedwa In My Language. Anakaikapo mu 2007 ndi Mel Baggs wa ku Vermont, ku America, munthu amene anali ndi autism ndipo panthawiyo sanali kukamba ndi pakamwa. Ukakatsegula koyamba ungaganize kuti wabela mabando ako cabe. Palibe wokamba. Munthu waimilila pa windo, wakufulatila, manja akukupiza ngati mapiko, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mau. Kenako akukhudzitsa nkhope pa buku, akulinunkhiza, akuyendetsa masamba ake mofulumila kuti amve kaphokoso kake. Zala zikugogoda ici, zikupalasa ico. Ukafika pakati m'pamene mau a kompyuta amayamba kuwelenga zimene Baggs analemba yekha. Mfundo yake ni yakuti zonse zimene waona zija ni cinenelo cake, ni mmene amacezela ndi zinthu zomuzungulila. Ndipo amadabwa kuti iye amayesedwa munthu woganiza pokhapo akaphunzila cinenelo cathu, koma ife palibe amatiimba mlandu polephela kuphunzila cake.

Baggs anamwalila mu 2020. Kafilimuko kakali pomwepo, ndipo sikanafune kampani, malaiti a mu situdiyo, kapena munthu wa mau okoma wofotokozela. Kamela imodzi, cipinda cimodzi, mwini nkhani.

Munthu wocita zimene Baggs acita mu filimuyo tikamupeza pa msika wa Mtendere, kapena m'mbali mwa Alick Nkhata Road, sitisowa dzina lomupatsa. Wofuntha. Cipuba. Wa ku Chainama. Cipatala cili pafupi apa, cimathandiza anthu, koma dzina lake tinalisandutsa citonzo cimene ngakhale mwana wa giledi 2 amadziwa kuponyela mnzake. Akulu ndiye amapitilila pamenepo. Ati atate ake anamuika m'mankhwala kuti shopu iziyenda. Ati amake anacita zoletsedwa ali ndi pakati. Ati ambuya ake a kumudzi anamulodza cifukwa ca nkhani ya munda. Mau akuti autism alibe mnzake m'Cinyanja, ndipo pamene palibe dzina timaikapo mfiti.

Zimene madokotala adziwa n'zosavuta kuzimva. Ubongo wa mwanayo umakula mwa njila yosiyana kuyambila ali wamng'ono kwambili, ndipo zotengela kumtundu zili ndi mbali yaikulu. Si matenda opatsilana, ndipo palibe mapilisi kapena muzu umene umaucotsa. Ena amakamba bwinobwino, amaphunzila mpaka ku yunivesite, koma kuceza ndi anthu kumawalemetsa ngati kusenza thumba la malasha. Ena sakamba n'komwe ndipo afunika wowasamalila moyo wao wonse. Ambili amamva phokoso, kuwala, kununkhila kapena kukhudzidwa mwamphamvu kuposa ife, kapena mocepa kuposa ife. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 ali ndi autism. Welengani nokha. Sukulu ya ana 2,000, ngati zili m'makomboni athu muno, ingakhale ndi ana 20 otele. Kuyambila mu 2022, pamene boma linacotsa malipilo a sukulu, ana amene anali kukhala kunyumba anabwela ambili, ndipo ena mwa iwo ni amenewa. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limati malo ao m'kalasi ni ufulu wao. Lamulo silinena zocita mphunzitsi akakhala ndi ana opitilila 70, coko cimodzi, ndi mvula ikugunda malata.

Ine ndinayamba kufunafuna mafilimu amenewa cifukwa ca mnyamata wina wa m'kalasi langa, amene sindidzamuchula dzina. Amake anali atapita naye kale ku UTH, ndipo mau akuti autism anabwela nao pa pepala. Si ine ndinamupima, mphunzitsi si dokotala. Ndinali kufuna cabe kudziwa zimene zicitika mkati mwake pamene watseka makutu ndi manja onse awili. Mabuku amene ndinawelenga anandiuza maina a zizindikilo. Mafilimu ndiwo anandionetsa kuti pali kusiyana kwakukulu pakati pa filimu yokamba za munthu ndi filimu imene munthuyo akambamo.

Ya mtundu woyamba imene imachuka ni Autism Every Day, ya mu 2006, yopangidwa ndi bungwe la Autism Speaks ku America. Muli azimai akufotokoza kutopa kwao: kusagona, nkhongole, maukwati akugwedezeka, anthu akuwayang'ana moipa m'mashopu. Mmodzi amafika ponena kuti anaganizapo zodzigwetsa pa mlatho ndi motoka, mwana wake ali momwemo, ndipo akunena izi mwanayo ali pafupi. Anthu a autism anakwiya nayo kwambili filimuyi, ndipo ndimawamvetsa. Komabe sindingaponye mwala kwa azimaiwo. Ndidziwa mai wa muno m'komboni amene amakiyila mwana m'nyumba popita kukaoda tomato ku Soweto 4 koloko m'mawa, osati cifukwa ca nkhanza, koma cifukwa palibe neba wofuna kusiyilidwa mwana amene anthu amati ali ndi ziwanda. Kutopa kwao n'koona. Vuto la filimuyo lili pa kamela. Ana amaoneka akukuwa, akuthawa, akugubuduka pansi, ndipo palibe paliponse pamene wina afunsa kuti nanga iwo akumva ciani. Ali m'cithunzi monga mmene madzi osefukila amakhalila pa nyuzi, cinthu cogwela anthu ena.

Life, Animated ya Roger Ross Williams, ya mu 2016, inayesa njila ina, ndipo inafika mpaka pa mndandanda wa mafilimu opikisana pa mphoto ya Oscar. Ni nkhani ya Owen Suskind, mwana wa mtolankhani Ron Suskind. Owen analeka kukamba ali ndi zaka zitatu. Cimene sanaleke ni kuonelela makatuni a Disney, kubweza tepi, kuonelelanso, kubwezanso. Patapita zaka makolo ake anazindikila kuti zimene anali kubwebweta sizinali phokoso wamba, anali mau a m'makatuniwo, ndipo anali kuwasankha. Tsiku lina mkulu wake Walter atalila pambuyo pa phwando la tsiku lake lobadwa, Owen anauza makolo kuti Walter safuna kukula, monga Mowgli kapena Peter Pan. Atate ake anatenga kadoli ka Iago, mbalame ya mu Aladdin, n'kubisala pansi pa bulangeti, n'kukamba naye m'mau a mbalameyo. Owen anayankha. Anauza mbalameyo kuti si wokondwa cifukwa alibe anzake.

Mnyamata wanga alibe Disney. Ali ndi maminibasi. Amake agulitsa vitumbuwa pafupi ndi siteshoni, ndipo iye anakulila pambali pa mbaula yao akumva makondakitala tsiku lonse. M'kalasi sayankha ukamufunsa dzina, koma mwadzidzidzi amakuwa kuti, "Tauni, tauni, wina mmodzi!" ndi mau a kondakitala weniweni, mpaka kukhosi kwake kumakalipa cimodzimodzi. Anzake amafa nazo kuseka. Nditaonelela za Owen ndinayamba kulemba kumbuyo kwa rejista nthawi imene wakamba ciani. Patapita milungu itatu zinaonekela zokha. "Tauni, tauni" imabwela belu ya kuweluka ikayandikila. "Yazula!" imabwela wacinayi akafuna kukhala pa desiki pake, kapena wina akamuyandikila kwambili. Ndipo phokoso likaculuka, makamaka mvula ikayamba pa malata, asanatseke makutu amayamba wanena cakumunsi kuti, "Oseluka alipo."

Tsopano akanena zimenezo ndimamuyankha kuti, "Seluka, mwana wanga," ndipo amapita kukaima pa khonde mpaka mtima utakhala pansi, n'kubwela yekha. Anzake anazolowela, ena amamuyankhila ine ndisanamve. Sikuti wacila, ndipo kuwelenga kukali kumuvuta kwambili. Koma kugubuduka pansi kunacepa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo filimuyo inandiuza cabe kumene maso a nkhonoyo ali.

Pali zina mu Life, Animated zimene munthu wa ku Mtendere amaonelela ndi mtima wowawa pang'ono. Nyumba ya masitepe, akatswili ozungulila mwana mmodzi, sukulu yapadela, ndipo pothela pake Owen, ali ndi zaka 23, akulowa m'fulati yakeyake kumene kuli anthu omuyang'anila. Kuno mwana wa autism amagona cipinda cimodzi ndi abale ake anayi, bala ya kuseli ikuliza nyimbo mpaka pakati pa usiku. Koma pali malo amodzi pamene Washington ndi Mtendere zimakumana. Walter amakhala pansi n'kunena zimene zimamusowetsa tulo: makolo akukalamba, ndipo tsiku lina adzatsala yekha ndi mng'ono wake. Funso limenelo ndalimva kwa mai aliyense wa mwana wotele amene ndinakambapo naye. Nikafa ine, azamusunga ndani?

Filimu imene ndinaonetsa amake mnyamatayo ni The Reason I Jump ya Jerry Rothwell, imene inapata mphoto ya oonelela ku Sundance mu 2020. Inacokela pa buku la Naoki Higashida wa ku Japan, limene akuti analemba ali ndi zaka 13. Imatsatila acinyamata asanu osakamba kapena okamba pang'ono, ku India, ku Britain, ku America ndi ku Sierra Leone. Mphamvu yake ili m'makutu. Iyenela kumvedwa ndi mahedifoni, cifukwa opanga anakweza tumaphokoso tumene ife timatutaya: kulila kwa fani, kudontha kwa madzi, kung'ung'udza kwa mabokosi a magetsi a m'mbali mwa msewu kumene mnyamata wa ku Britain amakumva ali patali. Kamela nayo imayamba ndi kanthu kamodzi, dontho kapena ulusi wa nsalu, cinthu conse n'kubwela pambuyo. Ukavula mahedifoniwo n'kutuluka panja madzulo, majenileta akulila, cigayo cikulila, machalichi awili akupikisana masipika, umayamba kudabwa kuti mwana uja amapilila bwanji mpaka 12 koloko.

Sindinawaonetse yonse, batile inali yocepa ndipo malaiti anali atapita kuyambila m'mawa. Ndinawaikila cigawo ca ku Sierra Leone, ca mtsikana wochedwa Jestina. Kumeneko makolo amafotokoza zimene anthu amawauza, kuti ana ao ni ziwanda, kuti awataye. Makolo a Jestina anakana kumubisa, anayamba kukamba poyela, mpaka anatsegula sukulu ya ana otele. Tinakhala pa benchi kuseli kwa mbaula, ine ndikumasulila, iwo akutembenuza vitumbuwa ndi diso limodzi pa foni. Pakati pake analeka kutembenuza, ndipo vitumbuwa viwili vinapselela.

"Ba ticha," anatelo, "kansi na kwamene uko baliko bana ba so? Na vokamba vabo ni vimozi na va kuno?"

Ndinati inde amai, n'cimodzimodzi.

"Ine nenze kuona monga ni pa nyumba panga cabe."

Anali atamvapo kale kwa adokotala kuti ana otele ali padziko lonse. Koma kumva kwa munthu wovala khoti loyela n'kwina, kuona mai wakuda ngati iwe, wa citenge ngati cako, pa msewu wa fumbi ngati wako, n'kwinanso. Azungu a m'filimuyo sanawakhudze. Anati amenewo ali ndi ndalama, matenda ao ni ena.

Pano ndiyenela kucenjeza, cifukwa mau akuti documentary amatipusitsa kuganiza kuti zonse zili mmenemo n'zoona. Mu The Reason I Jump muli acinyamata awili a ku America amene amaloza zilembo pa kabolodi kogwilidwa ndi munthu wina, n'kupanga ziganizo zozama. N'zokhudza mtima, koma akatswili ambili a zakalankhulidwe amakayikila njila zotelezi, cifukwa pa mayeso a njila zofanana nazo zinapezeka kuti wothandizayo ndiye anali kutsogolela mau mosadziwa. Mafunso omwewo anafunsidwa pa buku la Higashida. Ine sindinena kuti acinyamatawo alibe maganizo, ndaona ndi maso anga kuti kusakamba si kusaganiza. Ndinena kuti ngakhale filimu yofuna kupatsa munthu mau ingamuikile mau m'kamwa. Ndiye pali ina yoipilatu, Vaxxed ya mu 2016, ya Andrew Wakefield, dokotala amene anacotsedwa pa kaundula wa madokotala ku Britain. Pepala lake la mu 1998 lonena kuti katemela wa cikuku agwilizana ndi autism linafafanizidwa ndi magazini ya The Lancet mu 2010, ndipo kafukufuku wa ana ambilimbili sanapeze kugwilizana kulikonse. Tuzidutswa twa nkhani zotele tumafika m'magulu athu a WhatsApp. Mai akakhulupilila, mwana wake wotsatila sapita ku sikelo, ndipo cikuku cimapha.

Nanga filimu ya kuno ili kuti? Coonadi n'cakuti timajambula kale, tsiku lililonse. Mnyamata akayamba kuzungulila pakati pa msewu, mafoni asanu amatuluka m'matumba. Madzulo ali pa TikTok, amuikila kanyimbo ndi tunkhope toseka. Kwina amamujambula ali pansi kutsogolo kwa chalichi, anthu anayi amugwila manja ndi miyendo, maikolofoni ili pakamwa pake kuti ciwanda cichule dzina. Mwana amene kukhudzidwa kumamuwawa ngati moto, amene sipika imamubaya m'mutu, akakuwa pamenepo onse amati mwaona, catuluka. Amenewo ndiwo ma documentary athu a autism pakali pano, ndipo oonelela ni ambili kuposa a ku Sundance. Rungano Nyoni anaonetsa cinthu cofanana mu I Am Not a Witch ya mu 2017. Ija ni nthano yopeka, ndipo si ya autism, koma Shula amachedwa mfiti makamaka cifukwa ni mwana wacete amene sadziyankhila, ndipo alendo amabwela kudzamujambula zithunzi.

Sindikhulupilila kuti yankho n'kudikila munthu wocokela kunja ndi kamela yaikulu pa 2 April, tsiku limene United Nations inapatulila autism, kuti adzajambule ana athu pafupi ndi ngalande yonyansa kwambili imene angapeze. Citsanzo cabwino tili naco pafupi. Musola Cathrine Kaseketi, amene anakula ndi cilema ca mwendo, sanadikile kuti wina adzakambe za akazi olemala. Anaphunzila kupanga mafilimu, anayambitsa Vilole Images Productions, ndipo mu 2009 anatulutsa Suwi. Ku Britain, Chris Packham, woulutsa mapulogilamu a zacilengedwe pa BBC amene nayenso ali ndi autism, anacita cina mu Inside Our Autistic Minds ya mu 2023. Anathandiza anthu a autism kupanga tumafilimu twaotwao tofotokoza za mkati mwao, ndipo oyamba kuonelela anali abale ndi anzao. Zimenezo zingatheke ku Mtendere. Inu amene muwelenga izi pa foni, amene mudziwa kudula vidiyo ndi kuikamo nyimbo kuposa ine, ena mwa inu muli ndi mng'ono kapena mlongo amene alendo akabwela amauzidwa kuti akhale kucipinda. Luso muli nalo kale. Cimene cimavuta n'kupeleka foniyo m'manja mwake, n'kuvomela kuti zimene adzajambula mwina sizidzakhala zimene inu munafuna, ndiponso kuti angakane kuti anthu azione.

Amake mnyamata uja anayesa. Pa holide anayamba kumubweleka foni yao masana, malonda akacepa, atamuonetsa pofinya. Sukulu itatsegulidwa anandiitana kuti ndikaone. Munali tumavidiyo pafupifupi 40, tambili twa masekondi ocepa. Mawilo a minibasi akuyamba kuzungulila. Dzanja la kondakitala likugogoda pa citseko ndi khobidi. Citseko cikutseleleka, kutsekeka, kutsegukanso. Mthunzi wa basi ukudutsa pa madzi a m'khwawa. Mawilo ena. Palibe nkhope ngakhale imodzi, ngakhale kuti pa siteshoni pamakhala anthu mazana. Kamodzi kokha n'kamene kanali kotalika, kopitilila mphindi zitatu: manja a amake akuumba mtanda, kuuponya m'mafuta, kuutembenuza, kuuvuula, ndipo kamela siigwedezeka n'komwe. Iwo sanadziwe kuti anali kuwajambula. Pondionetsa kameneko anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza malasha amene sanafunike kukonzedwa.

Ndinaganiza za aphunzitsi anzanga, makamaka amene adzamulandila caka camawa. Mphindi zisanu za tumavidiyo tumeneto zingawauze zambili kuposa lipoti imene ndingalembe. Ndinapempha amake ngati ndingatukope n'kukaonetsa mu stafu.

"Mufunseni mwine wake," anatelo. "Ni vake."

Anali atakhala pa ndowa yovundikila, akuyang'ana msewu. Ndinagwada pambali pake, osati pafupi kwambili, ndi foni m'manja. Ndinamuuza kuti mavidiyo ake ni abwino, ndipo ndifuna kuonetsa aphunzitsi ena kusukulu, kuti naonso aone mabasi ake. Ndinafunsa kawili, pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Anatambasula dzanja, n'kutenga foniyo, n'kuilowetsa m'thumba la epuloni ya amake.

"Yazula," anatelo.

Mu stafu sanaonebe kalikonse. Ndidzamufunsanso temu ikamatha.